PHUNZIRO LA ZAPAKHOMO: Lamba wa Pachifuwa pa Chikwama cha Mwana wa Sukulu

Mawu oyamba

Amayi anzanga, ana akamanyamuka m'mawa kupita kusukulu, tayesani kuwayang'anitsitsa kuchokera kumbuyo. M'misewu ya muno mu Nakoli mudzaona wina chikwama chikulendewera mpaka m'matako. Wina lamba mmodzi wagwa paphewa ndipo akuyenda chopendekera. Wina wagwira malamba onse awiri ndi manja kutsogolo kuti asatsetsereke, moti atapunthwa alibe dzanja lotchinjirizira nkhope. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro m'masukulu ake mpaka Giredi 12, ana ochuluka analowa m'makalasi. Masukulu ambiri alibe malo osungiramo mabuku a mwana aliyense, choncho zonse zimayenda pamsana tsiku ndi tsiku.

M'phunziro lino tiona kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamathandiza pa vutoli, ndiko lamba wopingasa pachifuwa amene amalumikiza malamba awiri a m'mapewa. Tiona ntchito yake, malo ake, ndi mmene mungamusokere nokha kuti azisuntha mwana akamakula. Mfundo yoti muigwire ndi iyi: lamba wa pachifuwa sasenza katundu. Ntchito yake ndi kusunga malamba a m'mapewa pamalo pake, ndipo amaigwira bwino pokhapokha ngati angathe kukwera, kutsika, kufupika ndi kutalika.

Zimene mbereko imatiphunzitsa

Palibe mayi amene nkhaniyi ndi yachilendo kwa iye. Mukabereka mwana, mumayamba mwawerama, n'kumukweza kuti akhale pamwamba pa msana, kenaka mumakoka chitenje kuti athinane ndi thupi lanu, ndipo pomaliza mumamanga mfundo pachifuwa. Mukudziwa chimene chimachitika mfundoyo ikalekerera: mwana amatsikira m'chiuno, amayamba kukukokerani kumbuyo, ndipo inu mumayenda chowerama. Mukudziwanso kuti ikathina kwambiri mpweya umavuta ndipo mabere amawawa. Mwanayo ndi yemweyo, kulemera kwake sikunasinthe, koma kamangidwe kokha kamapangitsa kuti mufike kumsika muli bwino kapena mutatopa.

Chikwama chobereka chimatsata lamulo lomwelo. Katundu akhale m'mwamba, akhale pafupi ndi msana, ndipo asamagwedezeke. Kusiyana kwake n'kwakuti mbereko mumaimanga mwatsopano nthawi iliyonse molingana ndi thupi lanu, pamene chikwama chinasokedwa kufakitale ndi munthu amene mwana wanu sanamuonepo. Ntchito yochiyenereza yatsala ndi inu.

Lambayu amathandiza bwanji?

Mapewa a mwana ndi aang'ono ndiponso otsetsereka. Zikwama zambiri zimene timagula zinasokedwa poyeza anthu akuluakulu, kotero malamba ake amatalikirana kuposa mapewa a mwanayo. Katundu akamakoka kumbuyo, malambawo amatsetserekera kunja, kumapeto kwa phewa ndi m'khwapa. Pofuna kuwabweza, mwana amakweza mapewa, amawapindira kutsogolo, n'kutulutsa khosi. Akayenda chonchi mtunda wautali, minofu ya m'khosi ndi ya m'mapewa imatopa.

Palinso china. Mitsempha imene imapereka mphamvu ndi kumva kudzanja imachokera m'khosi, n'kudutsa kunsi kwa fupa lopingasa lija lili pakati pa khosi ndi phewa, kenaka n'kulowera m'khwapa. Lamba wolemedwa akamapanikiza malo amenewa nthawi yaitali, dzanja limachita dzanzi kapena kufooka. Madokotala a asilikali amalidziwa bwino vutoli chifukwa asilikali amayenda maulendo ataliatali ndi zikwama zolemera. Kwa mwana wa sukulu sizifika kawirikawiri pamenepo, koma akakuuzani kuti zala zikuchita dzanzi akafika kusukulu, musamuyese waulesi.

Lamba wa pachifuwa amakokera malamba awiri aja m'kati pang'ono kuti agone pa mnofu wa pachifuwa, kutali ndi m'khwapa. Akatero manja amamasuka, chikwama chimaleka kupita uku ndi uku mwana akathamanga kapena akakwera njinga, ndipo mapewa amapumula.

Tisachititsane mantha opitirira. Mu 2018 ofufuza a ku Sydney m'dziko la Australia anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza zikwama za sukulu, ndipo sanapeze umboni wokwanira wakuti chikwama chimayambitsa matenda a msana mwa ana. Chikwama sichipinda fupa la msana. Chimene tikufuna kuchotsa ndi kutopa, kupweteka kwa mapewa, dzanzi, ndi ngozi ya kugwa manja ali otangwanika. Zimenezi ndi zokwanira kuti mwana afike m'kalasi atakwinya nkhope, maganizo ali paphewa m'malo mokhala pabolodi.

Chifukwa chake zikwama zambiri zilibe lambayu

Zikwama zobereka za masiku ano zinayambira kwa anthu okwera mapiri. Mu 1952, ku Glendale m'dziko la America, bambo wina dzina lake Dick Kelty anayamba kupanga zikwama zoterezi kunyumba kwake. Iye ankapinda zitsulo zake, ndipo mkazi wake Nena ndiye ankasoka nsalu pa makina. Anthu a m'mapiri anaphunzira kuti katundu wolemera amafuna lamba wa m'chiuno wosenza kulemera, ndipo pambuyo pake anawonjezera wa pachifuwa woletsa kugwedezeka. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle anayamba kugula tizikwama ta m'mapiri ta kampani ya JanSport kuti azinyamuliramo mabuku, ndipo mchitidwewu unafalikira m'masukulu. Koma pa zikwama zambiri za sukulu malamba ang'onoang'ono aja amasiyidwa. N'chifukwa chake chikwama cha m'mapiri chimene mungachipeze pa salaula nthawi zambiri chimakhala naye lambayu, pamene chatsopano chokongola ndi zithunzi za zidole chilibe.

Onaninso kuti ntchitoyi inayambira pa makina a m'nyumba. Inunso mungathe kuigwira.

Yambani ndi sikelo

Musanasoke chilichonse, yezani kulemera. Lamba wa pachifuwa sapeputsa katundu ngakhale pang'ono. Madokotala ambiri a ana amalangiza kuti chikwama chisapitirire magawo 10 mpaka 15 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa mwana. Mu 2020 unduna wa zamaphunziro ku India unatulutsa ndondomeko yonena kuti chikwama cha sukulu chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mwanayo. Tikatenga muyeso umenewu, mwana wa makilogalamu 25 anyamule makilogalamu 2.5, ndipo wa makilogalamu 40 anyamule makilogalamu 4.

Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mwana wamng'ono akanyamula botolo la lita imodzi, watsala ndi malo ochepa a mabuku. Ngati mulibe sikelo, nyamulani chikwamacho kudzanja limodzi ndi paketi ya shuga ya makilogalamu 2 kudzanja linalo, mufanizire. Madzulo alionse thandizani mwana kuona ndandanda ya maphunziro a mawa ndi kutulutsa mabuku osafunika tsikulo. Mabuku olemera akhale kumbali ya msana, zopepuka zikhale kunja.

Malo ake enieni

Ikani chala pakadzenje kali m'munsi mwa khosi la mwana. Kumanja ndi kumanzere kwake mumva mafupa awiri opingasa opita kumapewa. Lamba wa pachifuwa adutse zala ziwiri m'munsi mwa mafupa amenewa, ndiye kuti pafupifupi masentimita 2 kapena 3. Akakwera kuposa apo amatsamwitsa. Akatsika kwambiri amapanikiza nthiti, mwana n'kumalephera kukoka mpweya wokwanira.

Malo amenewa sakhazikika. Mwana amene mwamuyeza mu Januwale sadzakhala chimodzimodzi pofika Disembala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi amavala juzi pamwamba pa yunifolomu, pamene mu Okutobala amangovala malaya opyapyala. Kawirikawiri chikwama chimodzi chimachoka kwa mkulu n'kupita kwa mng'ono wake. Lamba wosokeredwa malo amodzi amakwana kwa miyezi yochepa, kenaka mwana amamusiya akulendewera kapena amamudula.

Kwa ana aakazi nkhaniyi ndi yofunika koposa. Mtsikana akayamba kumera mabere, pachifuwa pamawawa ngakhale pongokhudzidwa pang'ono, ndipo ambiri amachita manyazi kunena. Lamba adutse pamwamba pa mabere, osati pakati pake. Mukaona mtsikana wasiya mwadzidzidzi kumanga lamba amene ankamanga kale, musamukalipire pamaso pa alongo ake. Muitanireni kuchipinda, inu kapena azakhali ake, mumufunse mofatsa, ndipo mumukwezere lambayo. Ngati akuona kuti akumuonetsa thupi pagulu, muloleni azimanga momasula kapena pokhapokha akakwera njinga. Inunso amayi amene mumabereka chikwama pa maulendo a malonda, lamulo ndi lomweli, makamaka ngati mukuyamwitsa.

Kasokedwe kake

Zofunika ndi izi: lamba wa nayiloni wa masentimita 2 m'lifupi, wotalika mita imodzi, chomangira cha pulasitiki cha mbali ziwiri zolowetsana, chija chimatseguka mukachifinya m'mbali, chimene amalonda amachitchula kuti buckle, lasitiki wa masentimita 5, ulusi wa nayiloni kapena wa poliyesitala, singano ya makina yaikulu, nambala 16 kapena 18, choko, tepi yoyezera, mapini ndi kandulo. Chomangiracho chikhale cha saizi imodzi ndi lamba. Musataye zikwama zong'ambika, chifukwa malamba ndi zomangira zake nthawi zambiri zimakhala zikadali zabwino. Ulusi wa thonje musaugwiritse ntchito, umaduka msanga ndi thukuta ndi mvula.

1. Mwana abereke chikwama chili ndi mabuku a tsiku lonse. Lembani ndi choko pa lamba aliyense wa paphewa, pamalo paja pa zala ziwiri m'munsi mwa fupa. Yezani mtunda kuchokera pachizindikiro china kufika pachinzake.

2. Dulani zidutswa zinayi: ziwiri za masentimita 15, chimodzi cha 16, ndi chimodzi cha 35. Ngati mwana ndi wamkulu thupi, chomalizachi chitalikitseni. Nsonga iliyonse muiyandikize ku lawi la kandulo kuti isungunuke pang'ono, isamasosoke. Chitani zimenezi panja, ndipo musaigwire ikadali yotentha.

3. Pangani makwerero. Goneka chidutswa cha masentimita 15 m'litali mwa lamba wa paphewa, kutsogolo kwake, pakati pake palingane ndi choko. Sokani mopingasa pafupi ndi nsonga zonse ziwiri, kenaka sokaninso mopingasa pa masentimita 3 alionse. Mzere uliwonse mubwerezepo kasanu kapena kuposa. Mukhala ndi mipata inayi yonga ya makwerero. Chitani chimodzimodzi kuphewa linalo, mipatayo ikhale yoyang'anizana.

4. Tengani chidutswa cha masentimita 16. Nsonga imodzi muilowetse m'mbali yaikazi ya chomangira, muipinde masentimita 3, n'kusoka kabokosi kokhala ndi X pakati. Nsonga inayo muipinde masentimita 6 ndi kusoka kumapeto kokha kuti pakhale diso loti chomangira chingathe kudutsamo.

5. Tengani chidutswa cha masentimita 35, musoke diso lofanana nalo kunsonga imodzi. Pafupi ndi disolo lembani zizindikiro ziwiri zotalikirana masentimita 7, ndipo musokerere nsonga za lasitiki uja pa zizindikirozo. Lamba achita kalinunda pamwamba pa lasitiki. Mwana akakoka mpweya lasitiki azitanuka, koma akafika polekezera lamba azimugwira kuti asaduke.

6. Nsonga yotsalayo muilowetse m'mbali yaimuna ya chomangira, m'timipata tiwiri tija timalola lamba kufupika ndi kutalika. Mapeto ake muwapinde kawiri ndi kusoka kuti asasololoke.

7. Kuti mumangirire pachikwama, lowetsani diso kunsi kwa makwerero pampata umene mwasankha, kenaka pisani chomangira m'disomo n'kukoka mpaka zithine. Mukafuna kukweza kapena kutsitsa, masulani n'kusamutsira pampata wina. Palibe kudula kapena kusokanso.

Poyamba gwirizitsani zonse ndi mapini, mwana ayese, ndiye musoke. Mudzaona kuti chomangira chikukhala chakumbali, osati pakatikati pa chifuwa. Izi n'zabwino, chifukwa pulasitiki yolimba ikagona pafupa la pakati imapweteka. Ngati siponji ya lamba wa paphewa ndi yokhuthala moti makina anu akulephera, musawakakamize, mungathyole singano. Pitani nacho kwa telala wokhala ndi makina olimba kapena kwa osoka nsapato, mutamulembera kale mizere ndi choko. Amene mulibe makina, sokani pamanja ndi singano yaikulu ndi ulusi wophatikiza pawiri.

Pali njira yachidule kwa amene mukufuna kufulumira. Siyani makwerero, talikitsani zidutswa ziwiri zija ndi masentimita 10 chilichonse, ndipo muzungulize diso pa lamba yense wa paphewa. Lamba wotere amasuntha mosavuta, koma amakonda kukwera yekha kupita kukhosi, choncho muzimuyang'ana kawirikawiri.

Kavalidwe koyenera

Lamba wa pachifuwa amamangidwa pomaliza. Choyamba mwana alowetse manja onse awiri. Chachiwiri akoke malamba a m'mapewa mpaka chikwama chigone pamsana, pansi pake pakhale cha m'chiuno, osati m'matako. Ngati pali lamba wa m'chiuno, amange ameneyo. Pomaliza amange wa pachifuwa ndi kukoka pang'ono chabe.

Muyeseni motere. Lowetsani zala ziwiri pakati pa lamba ndi chifuwa. Zikakana kulowa, wathina. Muuzeni akoke mpweya wambiri, akweze manja m'mwamba, aweramire pansi ngati akutola kanthu, ndiponso athamange pang'ono pabwalo. Malamba a m'mapewa akapindika n'kuyamba kukhula m'mbali mwa khosi, mwakoka kwambiri. Akabwera kusukulu tsiku loyamba, onani paphewa ndi pachifuwa ngati pali mikwingwirima.

Zoyenera kusamala

Musamange malamba a chikwama ndi chingwe, kansalu kapena waya. Chikwama chikakodwa pachitseko cha minibasi kapena panthambi, mwana ayenera kuchivula msanga. Asatuluke nacho pakhomo mpaka ataphunzira kutsegula chomangira yekha ndi dzanja limodzi. Nsonga zolendewera muzipinde ndi kuzimanga ndi kalasitiki kuti zisakodwe mu sipoko za njinga. Posewera pa katungwe kapena pokwera mtengo, chikwama chikhale pansi. Mwana wodwala mphumu amange momasula, ndipo chifuwa chikamutsekera amasule nthawi yomweyo. Ngati dzanzi, kufooka kwa dzanja kapena kupweteka kwa msana sikukutha ngakhale mwachepetsa katundu, makamaka ngati kukumudzutsa usiku, pitani naye kukiliniki. Vuto lotere lingakhale ndi gwero lina.

Ife a mu Kabwe tili ndi chifukwa chinanso chofunira kuti chikwama chizikhala pamsana. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la madera ena, makamaka oyandikana ndi mgodiwo monga Kasanda ndi Makululu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana. Chikwama chimene chimavuta kubereka ndicho mwana amachikwekwereza m'fumbi, n'kuchigwira ndi manja omwewo amene adyere chakudya chili m'katimo. Chipukuteni ndi nsalu yonyowa kawirikawiri, osati kuchikuntha m'nyumba, ndipo muchipachike pamsomali.

Pogula chikwama

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amasankha chithunzi, inu sankhani malamba. Pitani naye kumsika kuti ayese. Malamba a m'mapewa akhale aakulu m'lifupi ndiponso a siponji. Chikwama chisapose msana wake m'litali kapena m'lifupi, ngakhale mukuganiza kuti adzakuliramo. Kokani mwamphamvu pamene malamba alumikizana ndi chikwama kuti muone ngati ulusi ukugwira. Ngati chili kale ndi lamba wa pachifuwa, yesani kumukweza ndi kumutsitsa, ndipo tsekani ndi kutsegula chomangira kangapo, chifukwa pulasitiki yokhalitsa padzuwa imathyoka msanga. Chikwama cha salaula chokhala ndi malamba abwino koma zipi yakufa n'chabwino kuposa chatsopano cha malamba onga zingwe, popeza zipi telala amasintha.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene ana athu amanyamula tsiku lililonse zimene zingathe kutsala kunyumba?

2. Tingalankhule bwanji ndi aphunzitsi, kudzera m'misonkhano ya makolo, kuti ana adziwiretu mabuku ofunika pa tsiku lililonse?

3. Kodi mtsikana amene wayamba kusintha thupi tingamuthandize bwanji pa nkhani ya chikwama popanda kumuchititsa manyazi?

4. M'dera lathu muli ana oleredwa ndi agogo awo, amene maso ndi manja sizikuwalolanso kusoka. Ndani awaonere zikwama zawo?

Ntchito ya mwezi uno

Aliyense ayeze kulemera kwa chikwama cha mwana mmodzi ndi kulemba papepala. Pokumana ulendo wotsatira, mubwere ndi chikwamacho, pamodzi ndi zikwama zakutha zimene zili m'nyumba kuti tichotseko malamba ndi zomangira. Amene muli ndi makina a manja mubwere nawo, ena abweretse tepi, choko ndi ulusi. Odziwa kusoka akhale pambali pa osadziwa, aliyense asoke lamba mmodzi ndi manja ake. Zotsala zisungidwe kuti zithandize ana a anzathu amene sanathe kufika.